Mmene a Yotamu Anasandukira Mlendo

Mu Ufumu wa Alendoyambani munali chipatala chachikulu chimodzi, cha Pirirani, ndipo amene anachipatsa dzinali sankachita nthabwala. Chinali ndi madokotala, mabedi angapo, ndi chikwangwani chokongola kwambiri pageti. Koma aliyense wobadwira mu ufumuwo ankadziwa kuti chimene chimachiritsa munthu ku Pirirani si dokotala ayi, ndi womudikirira, amene a m'tauni amati gadiyani: m'bale wophika phala kuseri kwa wodi, wosambitsa wodwala, womutembenuza, wothamangira namwino dilipi ikatha, wokangana ndi mlonda. Wodwala wofika yekha ankamufunsiratu mpingo wake, kuti asadzavutike kufufuza pambuyo pake.

Mayi Esinala, ogulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Tsitsakoni, pa ntchito yodikirirayi anali katswiri wotheratu. Anadikirirapo mayi awo, anadikirirapo ana awo, ndipo tsopano ankadikirira amuna awo, a Yotamu, amene chifuwa chinawagwetsa atangomaliza kukolola. A Yotamu anali gone pansi, pa mphasa, pakati pa bedi la munthu wothyoka mwendo ndi chitseko cha kuchimbudzi. Mankhwala awo anali oti abwera mawa. Ana awo onse anali kutsidya kwa nyanja, kumene ankadikirira nkhalamba za eni ake n'kumalipidwa, ndipo ankaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati bambo awo akudya. Choncho munthu woti n'kuika supuni kukamwa kwa a Yotamu analipo mmodzi yekha, akazi awo.

Kunyumba yachifumu, mumzinda wa Bweramawa, kunali nkhawa ya mtundu wina. Ufumuwo unali ndi alendo ambiri ochokera kumayiko akutali, amene anabwera kudzakhala ndi kugwira ntchito. Ena anabwera kudzaphunzitsa alimi kulima chimanga, ena kudzawerenga anthu osauka, ena kudzafufuza chifukwa chimene anzawo a chaka chatha sanaphulire kanthu. Alendowa ankabwera ndi magalimoto, misonkhano ya kuhotela ndi maalawansi, zinthu zimene nduna zinkazikonda ndi mtima wonse. Vuto linali loti mlendo akangoyetsemula kawiri ankakwera ndege kupita kwawo, ambiri osabwereranso, magalimoto n'kuwatsatira.

Mfumu Sindidwala Wachiwiri inaitanitsa nduna zake. Dzina la mfumuyi silinali bodza, chifukwa inali isanadwalepo m'dziko lake. Matenda ankaidikira kuti idutse kaye malire.

"Alendo anga akuthawa chiyani?" inafunsa mfumu. "Udzudzu?"

Nduna Mvetsetsani, yoona za Umoyo wa Alendo ndi Zina Zotero, inaimirira n'kuyesa kumanga batani la jekete limene linakana kalekale kumangika.

"Mwini dziko, mumvetsetse. Alendo saopa udzudzu wathu. Ena mwa iwo anabwerera udzudzu womwewo, ndiwo ukuwadyetsa. Chimene amaopa n'kugona ku Pirirani opanda wowaphikira phala. Mlendo ali ndi ndalama, ali ndi galimoto, koma alibe azakhali."

Nduna zonse zinagwedeza mitu, poti mfundoyi inali yozama.

"Tiwakonzere inshuwalansi," inapitiriza ndunayo. "Azipereka kangachepe kuno kunyumba yachifumu mwezi ndi mwezi, ndipo akadwala tiziwapatsa bedi, mankhwala ndi m'bale. Wolipira pang'ono tizimupatsa msuweni. Wolipira bwino, azakhali. Wolipira moti ife tomwe n'kuchita manyazi, tizimuwonjezera malume wokakalipira dokotala, ndi kwaya ya amayi yodzamuimbira Lamlungu masana."

"Nanga mankhwala awowo tigula ndi chiyani?" inafunsa nduna ya zachuma, imene ndalama za alendozo inali itazipezera kale ntchito ina m'mutu mwake.

"Ndi msonkho wa ulemu. Anthu a pamsika amakonda alendo."

Lamuloli linafika pa msika wa Tsitsakoni pa galimoto ya zokuzira mawu, nthawi imene msika unali utatentha, chifukwa malamulo a ufumuwo sankakonda kumvedwa bwinobwino. Wolengezayo anati kuyambira tsiku limenelo wogulitsa aliyense azipereka msonkho wa ulemu, ndipo amayi odziwa kudikirira odwala asankhidwa kukhala abale a alendo. Pofuna kupewa chinyengo, anafotokozanso kuti mlendo ndi ndani: ndi munthu amene anasiya kwawo, anaitanidwa kudzagwira ntchito kumene ali, alibe malo akeake, ndipo alibe m'bale wamagazi pafupi.

"Kale ulemu unali waulere," anatero wogulitsa nyama akunola mpeni. "Tinkangovula chipewa basi."

Mayi Felesiya, a benchi loyandikana ndi la Mayi Esinala, amene ankagulitsa nsomba zouma ndi kuyankha mafunso amene sanafunsidwe, anapitiriza kuingitsa ntchentche.

"Kani ubale ukugulika tsopano," anatero. "Akanandiuza kale. Ine ndili ndi alamu oti ndikanawapereka ulere, n'kuwanyamulira katundu ndekha mpaka pageti."

Mayi Esinala lamuloli analimva kwa a Felesiya omwewo, amene ankawagulitsira tomato masiku amenewo, ndipo onse awiri analiseka. Koma chimene chinawagulitsa Mayi Esinala ndi mbiri yawo yabwino. Anamwino atafunsidwa kuti atchule odikirira odziwa ntchito, onse anayamba ndi dzina lawo, akuganiza kuti akuwachitira zabwino. Kalaliki wa nduna anawapeza akumwetsa a Yotamu phala, n'kuwapatsa chitenje cha nkhope ya mfumu.

"Mayi, mwachita mwayi. Kuyambira lero ndinu azakhali a boma."

"Nanga bambowa?"

"Bambowa si alendo."

"Ndikufunsa kuti aziwamwetsa phala ndani."

Kalalikiyo anayang'ana a Yotamu, anayang'ana denga, n'kunena kuti funsolo alitengera kwa akuluakulu. Anawonjezeranso, mwaulemu ndithu, kuti wokana ntchitoyi amalandidwa benchi pamsika ndipo wodwala wake amatulutsidwa m'chipatala. Mayi Esinala anaika supuni m'dzanja la amuna awo, anawapinditsa zala kuti aigwire, n'kutsatira kalalikiyo.

Wodi ya Alendo inali ya penti yatsopano, makatani, mabedi a nsalu zoyera, ndi kabati ya mankhwala imene inalidi ndi mankhwala. Pakati pa wodiyi ndi ya eni dziko anamangapo mpanda wa waya, n'kuikapo mlonda. Azakhali a boma sankaloledwa kuwoloka mpandawo, kuopa kuti angasakanize ubale.

Mlendo wa Mayi Esinala anali Bambo Gusitavu, mwamuna wamtali, wofatsa, wa kudziko lozizira, amene anakhala mu ufumuwo zaka zambiri akuphunzitsa anthu kusamba m'manja. Chimene chinamugwetsa ndi masamba osaphika a kuhotela, ndipo ankachita nazo manyazi kwambiri. Chilankhulo cha eni dziko ankachidziwa ndithu, ngakhale ankachiyendetsa pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza.

"Azakhali, musavutike. Ndikhoza kudzisambitsa ndekha."

"Munalipira, mwana wanga. Kwezani mkono."

Munthuyo sanali woipa, ndipo n'zimene zinkawasowetsa Mayi Esinala pokwiyira. Masana alionse, iye akagona, ankapita kukaima pa waya paja n'kumasuzumira pa zenera la wodi inayo. Mayi Felesiya ankayesetsa kubweretsa phala akapeza wowalondera nsomba, koma a Yotamu anali munthu wamakani: phala la m'dzanja la wina ankalilawa kawiri n'kutembenukira kukhoma. Mankhwala awo anali akubwerabe mawa. Mayi Esinala ankaona mapewa a amuna awo akusongoka m'malaya, ndipo anachita mantha enieni, oti munthu uyu afa ine ndili pompano, ndikupukuta mapazi a mwana wa eni ake.

Tsiku lina Bambo Gusitavu anaona kuti azakhali ake akufinya thaulo louma kale, maso ali pa zenera. Atafunsa, anamuuza zonse.

"Ndilankhula ndi nduna," anatero. Analankhuladi nayo pa foni. Nduna inamuthokoza kwambiri chifukwa cha mtima wake wachifundo, inamufunsa ngati phala likumukwanira, ndipo nkhani inathera pomwepo.

"Pepani, azakhali," anatero ataika foniyo. "Ine kuno amandilemekeza, koma sandimva. Pamsonkhano amandipatsa mpando wakutsogolo, nkhani n'kudzaigamula ine nditapita. Panyumba imene ndikukhala ndinadzalapo mango, koma si anga. Ndikalakwitsa kanthu, amandikumbutsa mwaulemu kuti kwathu kulipo."

Mayi Esinala anasiya thaulo lija. Mawu oterewa anali asanawamvepo kwa mzungu, koma moyo umenewo ankaudziwa bwino, chifukwa unkagona m'nyumba mwawo momwe. Mu ufumuwo mwamuna akakwatira amasamukira kwawo kwa mkazi n'kukhala mkamwini. Amamanga nyumba pamalo a apongozi, amalima munda wa mkazi, ana amakhala a mbumba ya kuchikazi, ndipo nkhani za pamudzi amazimva zitatha. A Yotamu anachoka kwawo ku Kwatsalandani, kuseri kwa mapiri, adakali ndi tsitsi lonse m'mutu.

"Gonani bwinobwino, mwana wanga," anatero Mayi Esinala. "Azakhali anu akukaona mfumu."

Anasankha tsiku la madandaulo, pamene mfumu inkamvetsera mavuto a anthu ake wailesi ikuulutsa, kuti dziko lonse lidziwe kuti mavutowo amvedwa. Nthawi yawo itakwana, anagwada, anawomba m'manja, n'kuwerama bwinobwino kuti nkhope ya mfumu pa chitenje chawo isakhudze fumbi.

"Mwini dziko, ndabwera kudzaulula mlandu. Ndakhala ndikusunga mlendo m'nyumba mwanga osanena kuboma, ndipo pano wadwala. Ali pansi ku Pirirani, pafupi ndi chimbudzi."

Anthu onse amene analipo anadzidzimuka. Mu Ufumu wa Alendoyambani mwini dziko akhoza kugona pansi mpaka kufa osasokoneza nkhomaliro ya aliyense, koma mlendo kugona pansi inali nkhani yochotsetsa munthu ntchito. Mfumu inayang'ana Nduna Mvetsetsani, ndipo nduna inayang'ana nsapato zake.

"Ndi wa dziko liti mlendoyo?" inafunsa mfumu.

"Wa ku Kwatsalandani. Ndi a Yotamu, amuna anga."

Anthu anaseka, ndipo nduna inayambanso kupuma.

"Mayi, mumvetsetse," inatero. "Kwatsalandani ndi mu ufumu momwe muno."

"Ine sindidziwa za mapu, bwana nduna. Ndinangomva kuti mlendo ndi wosiya kwawo, woitanidwa kudzagwira ntchito, wopanda malo. Malume anga ndi amene anawauza a Yotamu kuti bwerani, n'kuwapatsa khasu tsiku lomwelo. Nyumba, khola, nkhokwe, zonse ndi manja awo. Koma mukafunse kumudzi kwathu ngati ali ndi malo ngakhale oti n'kuimikapo njinga."

"Koma ali ndi m'bale. Inuyo."

"Wamagazi? Kwathu sitikwatirana pachibale, bwana. Kaya kuno."

Nduna ikanatha kuwathamangitsa pomwepo, ndipo inali itatsegula kale pakamwa. Koma pa mabenchi a nduna zinzake panayamba kumveka kutsokomola. Nduna zambiri, mukazivula majekete, zinali akamwini. Nduna ya zachuma, imene inamanga nyumba yosanja pamalo a apongozi ake, inapukuta maso n'kunena kuti mayiyu wakhudza chilonda chimene amuna a dziko lino akhala akuchibisa kwa nthawi yaitali. Nduna ya zamisewu inafunsa ngati inshuwalansiyo imathandizanso a matenda a shuga. Mfumu, poona kumene mphepo ikulowera, komanso podziwa kuti maikolofoni ali pamphuno pake, inagamula kuti mu ufumu wake mlendo sagona pansi, kaya wabwera pa ndege kaya wabwera ndi khasu.

"Koma alumbire," inatero Nduna Mvetsetsani, pofuna kutolapo kanthu. "Akweze dzanja, dziko lonse limve. Ndipo adziwe kuti zikadzapezeka kuti ananama, wodwala wake adzalandidwa zonse."

Mayi Esinala anakweza dzanja.

"Ine Esinala ndikulumbira kuti a Yotamu si akuno. Alibe kanthu kuno, alibe munthu kuno. Ndi mlendo."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndipo iwo omwe anadabwa. Ali m'njira yobwerera ndi pamene anakumbukira kuti munthu wothyoka mwendo uja ali ndi kawailesi, ndipo sakazimitsa.

Tsiku lomwelo a Yotamu ananyamulidwa pa machira kupita ku Wodi ya Alendo, mlonda wa pa waya akuwachitira sawatcha. Anawagoneka pa bedi, anawaika dilipi, ndipo mankhwala aja a mawa anapezeka kuti anali m'kabati nthawi yonseyi. Bambo Gusitavu, amene anali atachira, anapempha potuluka kuti azakhali ake apatsidwe kwa mlendo watsopanoyo. Akalaliki anafufuza, n'kupeza kuti palibe lamulo loletsa munthu kukhala azakhali a mwamuna wake. Mankhwalawo anagwira. Chifuwa chinayamba kufewa, masaya anayamba kubwerera, ndipo Mayi Esinala anayambanso kuimba nyimbo za kutchalitchi pochapa.

Koma a Yotamu anali atasintha. Munthu amene zaka zonsezi ankadandaula kuti phala lachepa mchere, tsopano ankalimwa lonse n'kuyamikira. Akalandira kapu ankati zikomo kwambiri. Akafuna kutsegula zenera ankayamba wapempha. Akawatembenuza ankati pepani ndakuvutitsani.

"Abambo, mwayamba liti zimenezi?" anafunsa Mayi Esinala tsiku lina, zitawakwana.

"Ndili kwa eni ake. Ndiyenera kukhala ndi ulemu."

"Inu, zija zinali za mankhwala basi."

"Ndikudziwa," anatero a Yotamu, n'kuwongola bwinobwino nsalu ya pabedi pamene anaikwinya.

Ulemu umenewu unawapweteka Mayi Esinala kuposa kutukwanidwa. Koma ankadziuza kuti bola munthu akupuma, zinazo tikakonzera kunyumba.

Kunja nkhani inali itafala, ndipo akamwini a ufumu wonse anayamba kutsokomola. Ankafika pa njinga, pa ngolo, ena pa wilibala akukankhidwa ndi akazi awo, amene anali okonzeka kulumbira ngakhale asanafunsidwe. Panali mayi wina amene anakweza manja onse awiri. Pa msika wa Tsitsakoni amuna anasowa, moti matumba a mbatata ankatsitsa ndi amayi.

"Amuna anga anafulumira kufa," anatero Mayi Felesiya akuyala usipa. "Akanadikira pang'ono, bwenzi pano ndili ndi mzungu m'nyumba."

Mu Wodi ya Alendo akamwini anayamba kugona awiriawiri pa bedi, wina mutu uku wina mutu uko. Nduna zinatenga zipinda zapadera n'kumayezetsa shuga m'mawa ndi masana. Makatani anada, kabati inayamba kuoneka matabwa, ndipo alendo enieni, aja a magalimoto, anayambanso kufunsa za ndege. Kunyumba yachifumu anagwira njakata, chifukwa chigamulo cha mfumu sichibwezedwa, poti mfumu silakwa. Nduna Mvetsetsani, imene mpando wake unali utayamba kutentha, inazungulira m'nyumba za alendo ikufunsa mmene inshuwalansi za kumayiko kwawo zimayendera, ndipo inabwerako ikumwetulira.

"Mwini dziko, mumvetsetse. Kunja konse, ulemu waukulu umene inshuwalansi imapatsa mlendo wodwala ndi kumutumiza kwawo, akachirire pakati pa abale ake. Ife takhala tikuwamana alendo athu ufulu umenewu. Ndi nkhanza zimenezi."

Mfumu inakhumudwa kwambiri kumva kuti mu ufumu wake muli nkhanza. Inalamula kuti wodwala aliyense wa mu Wodi ya Alendo atumizidwe kwawo, thumba la mankhwala ake otsala lili m'manja. Obwera pa ndege abwerere pa ndege, obwera ndi khasu abwerere pa malole a feteleza. Wokana kupita ndiye kuti si mlendo, abweze mankhwala, abwerere pansi. Nduna zonse zinachira msonkhano usanathe.

M'mawa wa tsiku la ulendo, malole anafola pabwalo la chipatala, bandi ya kunyumba yachifumu ikuimba. Kunachitika machiritso amene Pirirani anali asanawaonepo chimangidwire. Amuna amene dzulo lake sankatha kunyamula supuni anatulukira pa mazenera, liwiro la mtondo wadooka, ena dilipi ili pamkono. Anatsala ndi odwala enieni okha, ndipo a Yotamu anali mmodzi wa iwo. Mankhwala awo anali atafika pakati, ndipo dokotala anali atawatsina khutu Mayi Esinala kuti chifuwa cha mtunduwu, mukachisiyira panjira, chimabwerera ndi anzake.

Mayi Esinala anapempha kuti akwere nawo lole. Kalaliki uja anawauza kuti lole ndi ya alendo okha, ndipo azakhali a boma ndi katundu wa boma. Anakwezadi a Yotamu okha, n'kuwakhazika pa matumba opanda kanthu, thumba la mapilisi lili pamiyendo, chipewa chili m'manja. Nduna Mvetsetsani inamaliza kulankhula za chikondi cha mfumu kwa alendo, n'kuyandikira loleyo ndi maikolofoni, pofuna kuti mlendo woyamba athokoze dziko lonse likumva. Bandi inasiya kuimba. A Yotamu sanaiyang'ane n'komwe ndunayo. Anaweramira kwa akazi awo.

"ANankhoma," anawaitana ndi dzina la mfunda wawo, limene anali asanalitchule chilowereni mu wodi ija. "Kwathu kuja kulibe amene angandizindikire. Amayi anapita, achemwali anapita, nyumba inagwa kalekale. Ine ndikhoza kutsika, ndikagone pansi pompaja, sizindivuta. Mungondiuza chinthu chimodzi. Zija munalumbira zija, munkanama?"

Nduna inatembenuzira maikolofoni kwa Mayi Esinala, ikumwetulira ngati munthu wodikira chenji.

Mayi Esinala anayang'ana thumba la mapilisi lija, anayang'ana khosi la amuna awo limene linali lisanadzazebe kolala. Ankafuna kunena kuti nyumba ija ndi yanu, khola lija ndi lanu, ine ndine wanu, tsikani tizipita. Koma liwu limodzi lotere likanalanda thumbalo m'manja mwa a Yotamu, ndipo iwo ankadziwa bwino mmene pansi paja pamathera.

"Sindinaname," anatero. "Ndinu mlendo. Pitani kwanu, mukamalize mankhwala."

A Yotamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Zikomo, mayi. Munandisunga bwino."

Anavala chipewa. Bandi inayambanso, nduna inawomba m'manja, lole inanyamuka, ndipo a Yotamu sanacheuke. Mayi Esinala anaima pomwepo mpaka loleyo inatuluka pageti n'kusowa pakati pa malole anzake.

"Azakhali," anatero kalaliki uja kumbuyo kwawo, "kwafika mlendo wina, wa malungo. Wa ndege uyu."

Mayi Esinala anamasula chitenje cha boma, anachipinda, n'kumuika kalalikiyo m'manja.

"Mayi, benchi lanu la pamsika litha."

"Mukawauze a Felesiya agulitse tomato yense asanaole."

Anamanga chitenje chawo chakale, ananyamula poto ndi supuni, n'kuyenda mpaka pageti. Pamenepo msewu unkagawikana, ndipo anaima. Mlonda wa pageti ankawadziwa, poti anakanganapo nawo kambirimbiri.

"Achimwene, njira ya ku Kwatsalandani ndi iti?"

Mlondayo anawayang'ana modabwa.

"Si kwawo kwa amuna anu kumeneko, mayi?"

"Ndi kwawo."

"Ndiye mukufunsa ine?"

"Sindinapiteko," anatero Mayi Esinala. "Zaka zonsezi, sindinapiteko n'kamodzi komwe. Tandilozerani."